Mmene mungasankhire giyabokosi ya overdrive mukaika injini ya dizilo mu pikapu yakale

Munthu wachotsa injini ya petulo mu pikapu yake yakale, imene kuno ku Lusaka timangoti vani, n'kuikamo ya dizilo. M'tauni zonse zili bwino. Pa Lumumba Road galimoto ikukoka ngati ng'ombe, ndipo mafuta sakuwawanso m'thumba. Vuto limaoneka tsiku lopita kumudzi. Akangodutsa Chongwe n'kuponda mpaka 90, injini ikulira ngati chigayo, kabini yonse ikunjenjemera, okhalamo sakumvana. Dzanja limapita lokha kukafuna giya ina, koma giyabokosi ndi ya magiya anayi, yathera pomwepo. Ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo ulendo wonse ukhala wotero.

Chifukwa chake n'chakuti injini ya petulo imazungulira mpaka marevu (maulendo ozungulira) 5,000 pa mphindi osadandaula, pamene za dizilo zambiri zimathera cha m'ma 4,000, zina pansi kwambiri. Mankhwala a vutoli ndi giyabokosi ya overdrive, imene giya yake yomaliza imazungulitsa propshaft, shafiti yaitali yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo, mofulumira kuposa injini. Koma apa ndi pamene anthu amataya ndalama kachiwiri. Amathamangira kukagula giyabokosi iliyonse ya magiya asanu, kenako amapeza kuti siikumana ndi injini, kapena yakumana koma giya 5 ilibe mphamvu, kapena yasweka isanathe miyezi itatu. Ntchito yaikulu imachitika ndi tepi, choko ndi cholembera, musanapereke ngwee ndi imodzi yomwe.

Zofunika kukhala nazo

- Tepi yoyezera ya mamita asanu
- Choko kapena penti yoyera yolembera pa chitsulo
- Kope, cholembera ndi foni yowerengetsera masamu
- Jeke ndi zitsulo zolimba zoimikapo galimoto. Njerwa ayi, zimaphwanyika.
- Vernier yoyezera kukula ndi kutalika kwa shafiti
- Kilatchi puleti ya injini yanu, ngakhale yakutha, yoti mupite nayo kogula
- Katoni yolimba ndi hamala yaing'ono
- Tochi, masipanala, beseni loyera ndi kamaginito
- Dial gauge, choyezera cha singano, ngati mudzagwiritsa ntchito adapter plate, puleti yolumikizira injini ndi giyabokosi zimene mabowo ake sakumana. Mutha kubwereka kwa anthu a leyithi.

Sitepe 1: Yezani tayala pansi

Popani matayala monga mwa masiku onse, ndipo imikani galimoto pamalo osalala. Lembani choko pa tayala lakumbuyo pamene lagunda pansi, mulembenso pansipo. Kankhani galimoto mpaka tayala lizungulire kasanu, lembaninso pansi, yezani mtunda wonsewo n'kuugawa ndi 5. Mwapeza mtunda umene galimoto imayenda tayala likazungulira kamodzi. Tayala la 195R14 limapereka pafupifupi mamita 2.05, la 7.50R16 pafupifupi mamita 2.45.

Chenjezo: ngati mukuganiza zosintha matayala chaka chamawa, yezani amene mudzaikewo. Tayala lalikulu limatsitsa marevu m'magiya onse, kuphatikizapo giya 1.

Sitepe 2: Pezani ratio ya difu

Difu ndi bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo, ndipo ratio yake ndi maulendo amene propshaft imazungulira kuti matayala onse awiri azungulire kamodzi. Musakhulupirire ratio yolembedwa pa kapuleti ka pa bodi. Galimoto ya zaka 40 yadutsa m'manja ambiri, ndipo difu ili m'menemo mwina ndi yachitatu. Tsekani matayala akutsogolo ndi miyala, ikani giya pa nyutulo, masulani handibuleki, n'kukweza tayala limodzi lakumbuyo lokha. Lembani choko pa tayalalo ndi pa propshaft. Mnzanu azungulitse tayala maulendo 20 inu mukuwerenga maulendo a propshaft. Gawani chimene mwapeza ndi 10. Mukawerenga 41, difu yanu ndi 4.1, mukawerenga pafupifupi 49, ndi 4.875.

Ngati difu ndi yotsegula kale, werengani mano. Giya yaikulu ya mano 37 ndi yaing'ono ya mano 9 ndi 4.11, 43 ndi 10 ndi 4.3, 41 ndi 9 ndi 4.56, 39 ndi 8 ndi 4.875.

Chenjezo: tayala limodzi likamakana kuzungulira, difu yanu ndi ya limited slip, yosalola tayala limodzi kuzungulira lokha momasuka. Kwezani onse awiri, muwazungulitse pamodzi maulendo 10, n'kugawa maulendo a propshaft ndi 10.

Sitepe 3: Werengani marevu, musankhe ratio ya giya 5

Apa khalani pansi, chifukwa zonse zotsatira zikudalira pamenepa. Galimoto ikamathamanga 100 km/h imayenda mamita 1,667 pa mphindi. Ndiye masamu ake ndi awa:

1,667 ÷ mtunda wa tayala × ratio ya difu × ratio ya giya = marevu pa 100 km/h

Giya 4 m'magiyabokosi ambiri ndi 1.00, kutanthauza kuti injini ndi propshaft zimazungulira mofanana. Giya ya overdrive ndi nambala yochepera 1.00, monga 0.85, 0.77 kapena 0.73. Nambala ikachepa, marevu amatsika kwambiri.

Titenge Land Cruiser 45 ya matayala a 7.50R16 ndi difu ya 4.11, imene aiikira injini ya 1HZ. 1,667 kugawa ndi 2.45 ndi 680. Kuchulukitsa ndi 4.11 ndi marevu pafupifupi 2,800 mu giya 4. Mukaikamo giyabokosi ya H55F, imene giya 5 yake ndi 0.845, marevu atsika kufika pa 2,360. Injini ya 1HZ imatulutsa mphamvu yake yokoka yaikulu, torque ya 285 Nm, pa marevu 2,200. Mwaona? Pa 100 muli pamwamba pang'ono pa malo amene injini imakoka kwambiri, moti mukafika pa chitunda liwiro likayamba kutsika, injini ikulowera kumene kuli mphamvu. Ndicho mukufuna.

Tsopano Hilux yakale ya matayala a 195R14 ndi difu ya 4.875, yoikidwa injini ya 3L. 1,667 kugawa ndi 2.05 ndi 813, kuchulukitsa ndi 4.875 ndi 3,960. Injini ya 3L imafika pachimake pa marevu 4,000, choncho mwini wake wakhala akuiyendetsa ikukuwa. Giya 5 ya 0.85 itsitsa kufika pa 3,370. Ndi bwinoko, komabe ndi phokoso. Galimoto imeneyi ikufunanso difu ya 4.3, imene ndi giya 5 yomweyo ipereka 2,970. Kwa 3L, imene torque yake yaikulu ili pa 2,400, pamenepo m'pabwino. Akanangogula giyabokosi yokha akanakhumudwa n'kumati anamugulitsa yolakwika.

Ine ndimafuna kuona manambala awa pa 100 km/h: injini zazing'ono za ku Japan zopanda turbo, monga 2L, 3L, 5L ndi TD27, pakati pa 2,600 ndi 3,000, injini za masilinda sikisi monga 2H ndi 1HZ, pakati pa 2,200 ndi 2,500, Cummins 4BT, imene imakoka kwambiri cha m'ma 1,600 ndipo siipita patali kupyola 2,500, pakati pa 1,800 ndi 2,000.

Chenjezo: pali chikhulupiriro choti marevu akatsika kwambiri mafuta amapulumuka kwambiri. Si zoona. Ikani giya 5 ya 0.73 ndi difu ya 3.70 pa 1HZ ija: pa 100 mupeza 1,840, pa 80 mupeza 1,470 basi. Mudzaponda mpaka phazi kugunda pansi, utsi wakuda kumbuyo, injini ikutentha, galimoto osayenda. Kumbukiraninso kuti Lusaka ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Giya imene inkayenda bwino ku Durban kapena ku Dar es Salaam ikhoza kukhala yolemera pa Munali Hills. Mukakayika pakati pa 0.85 ndi 0.75 pa injini yopanda turbo, tengani 0.85.

A Land Rover, inu muli ndi nambala ina yoonjezera. Transfer box, bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ya LT230 siikhala 1.00 mu high, giya yake yoyendera pamsewu: ya Defender nthawi zambiri ndi 1.410, ya Discovery ndi 1.222. Muchulukitsenso ndi imeneyo, apo ayi masamu onse alakwika.

Sitepe 4: Musaiwale giya 1

Pikapu ndi yonyamula katundu. Chulukitsani ratio ya giya 1 ndi ya difu. H55F ili ndi 4.843, pa difu ya 4.11 ipereka pafupifupi 20, yonyamuka bwino ngakhale mutadzaza matumba a chimanga. G52 ya Hilux ili ndi 3.93, pa difu ya 4.3 ipereka pafupifupi 17. Yankho likatsika pansi pa 15 pa galimoto ya katundu, mudzakhala mukuwotcha kilatchi ponyamuka pa malobooti a pa Kafue Road. Ichi ndicho chifukwa chake kungoika difu yothamanga, osasintha giyabokosi, sikuthandiza aliyense: mwakonza kumapeto, mwaononga koyambira.

Sitepe 5: Sankhani giyabokosi yopirira injini yanu

Dizilo imamenya mano a giya ngati hamala, makamaka marevu akakhala otsika. Giyabokosi imene inkakhala mwamtendere kumbuyo kwa injini ya petulo ya mahatchi ofanana ikhoza kusweka. Langizo langa lalikulu ndi ili: gulani injini ndi giyabokosi yake zili zomangana, kuchokera m'galimoto imodzi, ndi flywheel, kilatchi, foloko ya kilatchi, slave cylinder imene imakankha folokoyo, ndi sitata yake. Half cut, theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa pakati, yochokera ku Japan imaoneka yodula poyamba, koma imakupulumutsani ku mabawuti zana amene mukanayenda mukusaka mzinda wonse.

Zimene zimapezeka kawirikawiri ndi izi.

Za Toyota zazing'ono. G52 ndi W56 zili ndi giya 5 ya 0.85. Zimakwana injini za L zopanda turbo. Musaziike kumbuyo kwa injini yaikulu. R150F ndi R151F n'zolimbirapo, giya 5 ndi 0.838, ndipo zinkabwera ndi 1KZ-TE. Pa ziwirizi, ya katundu ndi R151F chifukwa giya 1 yake ndi 4.313, pamene R150F ndi 3.83.

Za Land Cruiser. H55F ndiyo ya 40, 60 ndi 75. H150F ya 80 ili ndi giya 5 ya 0.811, yolimba kwambiri koma yaikulu thupi, ndipo imafuna transfer yakeyake.

Za Land Rover. LT77 ndi R380, imene inalowa m'malo mwa LT77 mu 1994. Nambala 380 ikunena torque imene inapangidwira. Injini ya 300Tdi imatulutsa pafupifupi 265 Nm, ndiye malo alipo.

Za Isuzu ndi Nissan. Injini za 4JA1 ndi 4JB1 zitengereni giyabokosi ya KB. Dziwani kuti pa KB ya 4x4 yakale transfer ndi yomangidwa thupi limodzi ndi giyabokosi, simungaisinthe payokha. TD27 ndi QD32 zitengereni ya Hardbody kapena Terrano.

Za ku America. Amene muli ndi Ford F-100 kapena Chevrolet C10 ndipo mukuganiza za Cummins, mayina amene mudzamva ndi NV4500 ndi ZF S5-42. NV4500 ndi yachitsulo cholemera, pafupifupi makilogalamu 90, giya 1 pa zambiri ndi 5.61, giya 5 ndi 0.73 pa ya GM kapena 0.75 pa ya Dodge, ndipo bellhousing yake, chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini, imamasulidwa, zimene zimapeputsa ntchito. ZF ndi ya aluminiyamu, giya 5 ya mtundu wa dizilo ndi 0.77, koma bellhousing ndi thupi limodzi ndi giyabokosi, moti ya injini ina siingalowe pa ina popanda adapter. Ndi magiyabokosi abwino ndithu. Koma musanaitanitse, dzifunseni kuti synchro, kamphete kothandiza giya kulowa osakhukhuluza, ikadzatha muli ku Petauke mudzaipeza kuti. Zida za H55F mudzazipeza m'masitolo a m'tauni tsiku lomwelo. Za NV4500 mudzadikira ndege.

Chenjezo: T5 ndi magiyabokosi ena a galimoto zazing'ono amakopa chifukwa ndi opepuka ndiponso otsika mtengo. Kumbuyo kwa 4BT sakhalitsa.

Sitepe 6: Onani ngati ikumana ndi injini

Ngati giyabokosi siinabwere ndi injini yanu, pali zinthu zinayi zoti zigwirizane.

Choyamba ndi mabowo a bellhousing. Ikani katoni kumbuyo kwa injini, mugogode pang'onopang'ono ndi hamala m'mphepete mwa bowo lililonse mpaka lidindike, osaiwala timapini tiwiri toongolera ndi malo a sitata. Katoni imeneyo mupite nayo kogula.

Chachiwiri ndi mano a shafiti yolowa mu kilatchi. Lowetsani kilatchi puleti yanu pa shafitiyo. Iyenera kutsetsereka bwino popanda kugwedera. Ngakhale H55F yomweyo, ya injini ya 3B, ya 2H ndi ya 1HZ zimasiyana shafiti imeneyi, ndiye dzina lokha lisakupusitseni.

Chachitatu ndi kutalika kwa shafitiyo ndi kukula kwa nsonga yake imene imalowa mu bering'i ya pakati pa crankshaft. Yezani ndi vernier kuchokera pa nkhope ya bellhousing mpaka kunsonga, muyezenso ku injini. Ikafupika, nsonga ilendewera ndipo bering'i yakutsogolo ya giyabokosi idzatha msanga. Ikatalika, ikankha crankshaft n'kuononga injini.

Chachinayi ndi mbali imene kuli foloko ya kilatchi ndi sitata. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja. Bellhousing yochokera ku dziko loyendetsera kumanzere ikhoza kuika slave cylinder pamene pakudutsa ekizozi, kapena sitata pamene pali steering box.

Chenjezo: giyabokosi ikakana kufika pa injini, kutsala kampata ka chala chimodzi, musaikoke ndi mabawuti. Pali chimene chagunda. Itulutseni muone.

Sitepe 7: Lowani pansi ndi tepi

Yezani giyabokosi yakale kuchokera pa nkhope ya bellhousing kufika pa ndodo ya magiya, pa mounting ndi kumapeto kwenikweni. Lembani manambala atatuwo, mukayerekeze ndi yatsopano. Ya magiya asanu imatalikirapo, choncho crossmember, chitsulo chopingasa chonyamula giyabokosi, isunthira kumbuyo, propshaft yakumbuyo ifupikitsidwa, ndipo pa 4x4 yakutsogolo italikitsidwa. Pikapu zakale zili ndi mpando umodzi wautali. Ndodo ikatulukira pansi pa mpandowo, mudzasankha pakati pa kudula mpando ndi kupinda ndodo.

Pa 4x4 onani mbali imene transfer imatulutsira propshaft yakutsogolo. Iyenera kukhala mbali imodzi ndi difu yakutsogolo. Land Cruiser ndi Hilux zakale ndi kumanja, Ford ndi kumanzere. A Land Cruiser 45 mudziwenso kuti H55F imayendera transfer ya mtundu wa split case ya kuyambira cha mu 1980. Transfer yakale kuposa imeneyo siilowa chifukwa mano a shafiti ndi osiyana. Komanso pa galimoto zakalezo handibuleki imagwira pa dilamu ya kumbuyo kwa transfer. Mukasintha transfer osaganizira zimenezi, mudzatsala ndi galimoto yopanda handibuleki, yoimika ndi mwala, ndipo ku fitness siidutsa.

Onaninso potulukira chingwe cha sipidomita. Magiyabokosi atsopanoko ali ndi sensa ya magetsi m'malo mwa chingwe.

Sitepe 8: Iyeseni musanalipire

Ine ndinaphunzira izi ndi ndalama zanga. Ndinapeza injini ya 3L ndi giyabokosi yake pa yadi ina ya zida zakale cha ku Mumbwa Road, zili pansi pa tenti, matope mpaka m'mabawuti. Wogulitsa anamenya chitsulo ndi dzanja n'kunena kuti, "Amdala, iyi ni faifi sipidi, yachoka mu motoka yoyenda. Tengani chabe." Ndinatenga. Titafika ku galaja n'kutsuka matope, makaniko wanga anazungulira giyabokosiyo kawiri n'kufunsa, "Bwana, nanga ndodo tilowetsa pati?" Pamwamba panalibe bowo. Inali ya Hiace, yosinthira magiya cham'mbali ndi zingwe, chifukwa woyendetsa minibasi amakhala pamwamba pa injini, giyabokosi ili kumbuyo kwake. Lisiti ndinalibe. Inakhala pakhonde chaka chathunthu ana akukhalira.

Injini zambiri za dizilo zogulitsidwa muno zimachokera m'ma Hiace, Caravan, Dyna, Canter ndi Elf, ndiye choyamba yang'anani pamwamba ngati pali polowera ndodo. Kenako chitani izi motsatana:

a) Lembani choko pa shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo. Lowetsani giya yomaliza, transfer ikhale mu high (manambala otsatirawa sagwira pa LT230, popeza siikhala 1.00 mu high). Zungulitsani yakutsogolo maulendo 10 mnzanu akuwerenga yakumbuyo. Akawerenga 10, mulibe overdrive m'menemo, ngakhale magiya ali asanu. Malole ang'onoang'ono ena amakhala otero: anaonjezera giya pansi, osati pamwamba. Akawerenga 12 kuchepera pang'ono ndi 0.85, 13 ndi 0.77, pafupifupi 14 ndi 0.73.

b) Chitani chimodzimodzi mu giya 1. Apa yakutsogolo ndiyo izungulire kambiri. Werengani maulendo ake mpaka yakumbuyo izungulire kamodzi.

c) Lowetsani magiya onse limodzi ndi rivesi, mukuzungulitsa ndi dzanja. Pasakhale pogwira kapena pokhukhuluza.

d) Gwirani shafiti yakutsogolo muigwedeze. Kusewera pang'ono m'mwamba ndi pansi kulibe kanthu, chifukwa nsonga yake imagwiridwa ndi injini. Koma ikamalowa ndi kutuluka, kapena ikamalira ngati muli mchenga, bering'i yatha.

e) Tsitsani oyilo mu beseni loyera. Fumbi lachitsulo losalala pa maginito ndi la masiku onse. Tizidutswa togwirika ndi zala ndi mano oswekera m'kati. Oyilo wonyezimira ngati golide ndi ma synchro akutha. Wooneka ngati tiyi wamkaka ndi madzi. Mukapeza mulibiretu oyilo, funsani chifukwa.

f) Walitsani tochi pa thupi lonse kufunafuna ming'alu ndi powotcherera, makamaka pa makutu a mabawuti.

g) Pa R380 ndi LT77, chotsani chivundikiro chakumbuyo kwa transfer muone mano a kumapeto kwa mainshaft, amadyeka. Pa NV4500 funsani ngati nati ya giya 5 inakonzedwapo, chifukwa imadziwika ndi kumasuka.

Gwirizanani masiku obwezera ngati ipezeka yoipa, ndipo alembe pa lisiti, ndi nambala ya pa giyabokosiyo. Wokana kulemba, musiyeni.

Sitepe 9: Kumanga ndi kuyesa pamsewu

Ikani kilatchi yatsopano, release bearing yatsopano, bering'i ya pa crankshaft ndi oil seal yakumbuyo kwa injini. Zinthu zimenezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kutsitsanso giyabokosi.

Ngati mwapangitsa adapter plate, ikhale ndi timapini toongolera. Mabawuti amangomanga, saongola. Mangani dial gauge pa flywheel, muzungulitse injini ndi dzanja, muone ngati bowo la bellhousing lili pakati penipeni. Singano isasinthe kupyola 0.25 mm kuzungulira konse. Puleti yodulidwa ndi gulayinda n'kuboola mongoyerekeza ndi maso imatulutsa giyabokosi imene imadumpha giya ndi kudya kilatchi, ndipo mudzanamizira wogulitsa.

Crossmember ikhale yomanga ndi mabawuti, osati yowotcherera ku chesesi, kuti mawa idzatsike. Mounting ikhale ya labala. Shafiti yakumbuyo kwa giyabokosi ndi ya pa difu ziloze mzere wofanana, ndipo propshaft ipendekeke pang'ono chabe, madigiri 1 mpaka 3. Propshaft yodulidwa ipite kwa anthu a leyithi akaiongole ndi kuichita balansi, mafoloko a mbali zonse ziwiri ali mzere umodzi. Kale galimotoyi inkathera pa 80. Tsopano izikhala pa 100 maola ambiri, ndipo kupindika kumene sikunkamveka kudzamveka.

Oyilo si umodzi. Magiyabokosi a Toyota amafuna 75W-90, LT77 imafuna ATF, R380 imafuna MTF94, ZF S5-42 imafuna ATF, ndipo NV4500 ili ndi oyilo wakewake wa GL-4 chifukwa cha mtundu wa ma synchro ake. Musanatsitse oyilo wakale, yambani mwamasula bawuti yothirira. Ikakana mutatsitsa kale, mwatsala ndi giyabokosi youma.

Yesani kaye m'makwalala a pafupi, kenako mutuluke pa Great North Road cha ku Chisamba kumene msewu uli wosalala. Yerekezani sipidomita ndi GPS ya pa foni, chifukwa kawirikawiri imanama mukasintha giyabokosi. Mu giya 5, pondani n'kusiya mafuta mwadzidzidzi kangapo, ndodo isadumphe. Mukabwerera yang'anani modontha, ndipo patatha sabata mangitsaninso mabawuti onse.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukwera zitunda ndi katundu mu giya 5. Iyi ndiyo imapha magiyabokosi ambiri. Mu giya 4 mphamvu imangodutsa molunjika kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Mu giya 5 imadutsa pa timagiya tiwiri tating'ono, timene m'magiyabokosi ambiri tili kunja kwa thupi lalikulu, kumchira. Mwanyamula matumba 20 a fetereza, mwafika pa mapiri a Manenekera musanatsikire ku mlatho wa Luangwa, marevu atsika pansi pa 1,800, giyabokosi ikuchita gudugudu: tsikirani ku 4 msanga. Mukamakoka ngolo kapena galimoto ina, giya 5 muiiwale.

Kusintha difu yakumbuyo yokha pa 4x4. Madifu onse awiri akhale a ratio imodzi, apo ayi tsiku loyamba kulowetsa 4x4 pa nthaka youma china chake chithyoka.

Kusakaniza master cylinder ya galimoto yakale ndi slave cylinder ya giyabokosi yatsopano osayeza. Zikasiyana kukula, kilatchi siimasula mokwanira, magiya amakhukhuluza, ndipo anthu amatsitsa giyabokosi yabwinobwino pachabe.

Kuiwala kuyang'ana oyilo wa transfer pa Land Cruiser. Seal ya pakati pa giyabokosi ndi transfer ikatha, oyilo amasamuka ku transfer n'kukadzaza giyabokosi. Pansi sipadontha kanthu, koma transfer ikuuma. Mukatsegula bawuti yothirira ya giyabokosi oyilo n'kukhuthuka wambiri, onani transfer nthawi yomweyo.

Kuonjezera liwiro mabuleki ali akale. Pikapu ya madilamu mawilo onse anayi imene tsopano ikufika 110 ikufuna mabuleki okonzedwa bwino. Injini ya dizilo siipanganso vacuum yokha ngati ya petulo, choncho pampu ya vacuum, imene pa injini zambiri za ku Japan ili kumbuyo kwa alternator, ilumikizidwe ku booster ya mabuleki musanatuluke pageti.

Kusiya mapepala. Giyabokosi siilembedwa mu white book, koma nambala ya injini ndi mtundu wa mafuta zimalembedwa. Sungani lisiti ya injini, ndipo mupite ku RTSA, bungwe lolembetsa galimoto, akasinthe zolembedwazo galimoto isanayambe maulendo. Pa lodibuloko wapolisi akatsegula boneti n'kupeza dizilo pamene buku likuti petulo, mudzafotokoza muli pambali pa msewu, katundu ali padzuwa.